Za achimwene anga ochotsedwa ntchito m'boma: pomwe nkhani yafika

Ndinafunsa ngati wogwira ntchito m'boma angachotsedwe ndi kalata yokha, osamva mbali yake, monga zidachitikira achimwene. Zikomo nonse amene mudatilangiza kuti tisachedwe.

Tidapita kwa mkulu woona za ntchito wa m'boma lathu, chifukwa lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limapereka miyezi itatu yokha yokadandaulira kuchokera tsiku lochotsedwa. Lamuloli limakhudzanso ogwira ntchito m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito kundende. Ndime 57 ndiyo idatilimbitsa mtima: pafunika chifukwa chomveka, ndipo munthu apatsidwe mpata wodziteteza. Pa kalata ya achimwene pali mizere iwiri ndi chidindo, koma chifukwa chowachotsera palibe. Komanso ndi abwana amene ayenera kuonetsa chifukwacho, osati wochotsedwayo.

Kukambirana kudakanika, ndiye nkhani yapita ku khoti loona milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court. Khotilo likhoza kulamula kuti abwezeretsedwe pantchito kapena alandire chipukutamisozi. Achimwene akufuna ntchito yawo, ndalama si zimene akulirira.

Chikundipweteka n'chakuti malipiro adaima, ana akufuna fizi. Amene mudadutsamo, tsiku lomva mlandu mudalidikira nthawi yaitali bwanji?