Kodi mafuta a polyunsaturated amagwira ntchito yanji m'kati mwa selo?

Nachisale:
Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa funso limene sindinaliyankhe mondikhutiritsa. Anati, kukazizira mu June, mafuta a ng'ombe amauma pambale munthu asanamalize kudya, pamene a mpendadzuwa amakhalabe amadzimadzi m'botolo. Ndinamuuza kuti a mpendadzuwa ndi a polyunsaturated, iye n'kufunsanso kuti thupi limawafuniranji. Ndikupempha odziwa andithandize kufotokoza zimene mafuta amenewa amachita m'selo mwenimwenimo, pakuti yankho lakuti ndi abwino ku mtima silimukwanira mwanayu.

Jere:
Mayi Nachisale, mwanayo waona kale theka la yankho pambale yakeyo. Mafuta amapangidwa ndi timaunyolo ta kaboni. M'mafuta a ng'ombe timaunyolo tambiri ndi towongoka, motero timasanjikizana bwino ngati mitolo ya bango, n'chifukwa chake amauma. M'mafuta a polyunsaturated muli malo awiri kapena kuposerapo pamene makaboni awiri agwirana kawiri, ndipo pamalo aliwonse otere kaunyoloko kamapindika, kotero kuti sitingathe kupanikizana.

Tsono selo iliyonse yakutidwa ndi kachikopa kamafuta kosanjikiza kawiri, ndipo m'kachikopamo mwakhazikika mapuloteni amene amalowetsa chakudya, kutulutsa zosafunika ndi kulandira mauthenga. Mapuloteni amenewa amagwira ntchito posintha kaumbidwe kawo, ndiye kachikopako kakauma amasowa mpata wotembenukira. Timaunyolo topindika tija ndito timakafewetsa. Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi cha diso. Kumbuyo kwa diso kuli retina, ndipo m'maselo ake olandira kuwala mwadzaza mafuta a polyunsaturated otchedwa DHA, amene ali ndi makaboni 22 ndi malo opindika 6. Puloteni yotchedwa rhodopsin imayenera kusintha kaumbidwe m'kanthawi kochepa kwambiri kuwala kukaigwera, ndipo imatero bwino ikazingidwa ndi DHA. Maselo a ubongo nawonso ali ndi mafuta amenewa ochuluka, makamaka pamene amapatsirana mauthenga.

Nachisale:
Zikomo Bambo Jere, chitsanzo cha bango ndichigwiritsa ntchito m'kalasi. Koma ngati ntchito yake ndi kufewetsa kachikopa basi, bwanji thupi silingowapanga lokha monga limapangira mafuta ena kuchokera ku nsima?

Nabanda:
Ndiloleni ndiyankheko, popeza ndimagwira ntchito ya unamwino ndipo mbali imeneyi ndimakumana nayo tsiku ndi tsiku. Thupi lathu lilibe ma enzaimu (mapuloteni othandiza kupanga ndi kusintha zinthu m'thupi) opindira kaunyolo pamalo amene mafuta awiri a polyunsaturated, linoleic acid ndi alpha-linolenic acid, amapindikira, pamene zomera zili nawo. Woyambayo ndiye kholo la gulu la omega-6, wachiwiriyo la omega-3, ndipo onse awiri tiyenera kuwadya. Izi anazitulukira George Burr ndi mkazi wake Mildred pa yunivesite ya Minnesota mu 1929, pamene anadyetsa makoswe chakudya chopanda mafuta. Makoswewo anasiya kukula, khungu lawo linachita mamba, michira inawonongeka, koma anachira atapatsidwa timadontho ta mafuta okhala ndi linoleic acid. Lero tikudziwa kuti mafutawa amalowa m'zomatira za khungu lakunja zimene zimaletsa madzi kuthawa m'thupi.

Ndiponso kufewetsa si ntchito yokhayo. Kachikopa ka selo kali ngati nkhokwe. Selo ikavulala, enzaimu yotchedwa phospholipase A2 imathothola arachidonic acid, mmodzi wa mafuta a omega-6, m'kachikopamo, ndipo enzaimu ina, COX, imamusandutsa ma prostaglandin ndi thromboxane. Amenewa ndi amithenga okhalitsa kanthawi kochepa chabe, koma ndi amene amachititsa kuti chilonda chitupe ndi kupweteka, kuti thupi litenthe, kuti magazi aundane pabala, komanso kuti chiberekero chifinyike pobereka ndi pa nthawi ya msambo. Mu 1971 John Vane anaonetsa kuti aspirin amagwira ntchito potseka njira imeneyi, ndipo mu 1982 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson. Ma prostaglandin ena amateteza m'kati mwa chifu, n'chifukwa chake timachenjeza odwala zilonda za m'mimba kuti asamamwe aspirin kapena ibuprofen mwachisawawa.

Wa ku Nkhotakota:
Ine ndinakulira pathandala la usipa, choncho ndiwonjezepo zimene maso anga anaona. Usipa wouma ukakhalitsa m'thumba umasanduka wachikasu, fungo limasintha, ndipo ukauphika umawawa pakhosi. Pamenepo ndiye kuti okosijeni wawononga mafuta omwewa, pakuti malo opindika aja ndi pomwe kaunyolo kamafookera. Kamodzi kakawonongeka kamayatsa kanzake, ngati moto wa pathengo m'chilimwe. M'thupi zimenezi zimachitikanso, koma selo ili ndi alonda ake, monga vitamini E amene amakhala m'kachikopa momwemo, ndi enzaimu yotchedwa GPX4 imene imafuna seleniamu. Alondawa akalephera pomwe ayironi alipo, kachikopa kamang'ambika, selo n'kufa, ndipo imfa yotere anaipatsa dzina lakuti ferroptosis mu 2012. Ndimamva chisoni ndikaona mafuta amodzimodzi akukazingira tchipisi kwa masiku angapo mpaka kuda bii, chifukwa kutentha kobwerezabwereza kumafulumizitsa kuwonongeka komweku.

Jere:
Mayi Nabanda afotokoza bwino, koma pali mfundo imodzi imene sindikufuna ana asukulu aiphonye. Omega-6 ndi omega-3 amalimbirana ma enzaimu amodzimodzi otalikitsa timaunyolo tawo, ndipo thupi limasandutsa gawo lochepa kwambiri la alpha-linolenic acid kukhala DHA. Nsinjiro ndi mafuta a mpendadzuwa zimatipatsa linoleic acid wambiri koma omega-3 pafupifupi palibe, soya ali nayeko, pamene nsomba zimatipatsa EPA ndi DHA, mafuta a omega-3 okonzeka kale. Nkhani imeneyi inafika mpaka pa chiponde chochizira ana onyentchera. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti ana amene analandira chiponde chochepetsedwa linoleic acid n'kuthiridwa DHA anachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka ubongo kuposa amene analandira chiponde cha masiku onse.

Nachisale:
Ndathokoza nonse. Lolemba ndipita m'kalasi ndi kachidutswa ka mafuta a ng'ombe, botolo la mafuta a mpendadzuwa, usipa watsopano ndi wina wokhalitsa, kuti anawo agwire ndi kununkhiza okha tisanajambule kachikopa ka selo pa bolodi.