Thandizeni nzeru: ulendo wa ku Bend, Oregon ndi mayi a mphumu kumapeto kwa Ogasiti

Membala wosatchula dzina:
Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano. Ma admin chonde mundidutsitsire positi iyi, ndikufuna nzeru kwa amene anafikako ku Bend, tauni ija ili kuseri kwa mapiri a Cascade kuno ku Oregon. Ine ndimakhala ku Portland, mayi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzandithandiza nditachira ndipo chibwerereni moyo wawo wangokhala wa m'nyumba ndi mdzukulu, kutchalitchi Lamlungu, kokagula zinthu basi. Akubwerera pakati pa Sepitembala ndiye mtima wanga sukulola kuti akwere ndege osaonako dziko lomwe akhalamo miyezi yonseyi, munthu woti wandisamala usiku ndi usana osadandaula olo kamodzi. Mayi amakonda mapiri, tsiku lililonse kukacha bwino amaima pawindo kuyang'ana Mount Hood.

Anzanga kuntchito onse akungoti Bend, akuti kuli mtsinje wodutsa pakati pa tauni, nyanja zing'onozing'ono m'mapiri, miyala ya chiphalaphala ndi zina. Vuto langa ndi ili, holide andipatsa sabata yomaliza ya Ogasiti ndipo ndamva kuti nthawi imeneyo kumakhala utsi wa moto wa m'nkhalango, pomwe mayi ali ndi chifuwa cha mphumu, BP komanso mawondo amavuta, mwananso ndi wa miyezi isanu. Nde ndipite kapena ndikuika moyo wa kholo langa pachiswe? Tikapita tigone kuti poti mitengo ya mahotela ndaiona ine yandiumitsa pakamwa, komanso malo ake oti munthu wamkulu angaone osakwera mapiri ndi ati? Bambo a kunyumba nawo ali ndi yawo pulani, akuti akakwere phiri la South Sister ife tikuzungulira m'tauni, akuti poti Sapitwa anafikapo palibe chovuta. China chomwe ndikuchita manyazi kufunsa koma ndifunsabe, anthu akuda amatilandira bwanji kumeneko?

Mlongo wa ku Indiana:
Asisi ndinayamba kale kusangalala ndimayesa mukunena South Bend kwathu kuno kodzadza a Malawi, ndimati mudzafikire kunyumba. Nditsatire nawo ndimve, mukawapatse moni mayi, mwachita bwino kuwaganizira.

Nesi wa ku Redmond:
Achemwali ine ndimakhala ku Redmond, mphindi ngati 25 pagalimoto kuchokera ku Bend, nde ndikuuzeni mosabisa. Mantha anuwo ndi oona. Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala ndi nthawi yeniyeni ya utsi kuno, mu 2017 moto wa Milli pafupi ndi tauni ya Sisters unatiphimba masiku ambiri, mu Sepitembala 2020 ndiye Oregon yonse inada, inunso ku Portland mukudziwa ngati munalipo. Koma si chaka chilichonse ndipo si tsiku lililonse, zimatengera mphepo. Mutha kudzuka kumwamba kuli mbee mapiri onse akuoneka, madzulo mphepo n'kutembenuka dzuwa n'kusanduka lofiira ngati lalowa kale, galimoto n'kuyera ndi phulusa. Palibe angakulonjezeni lero za sabata imeneyo.

Ndiye langizo langa ndi loti musasiye ulendo koma musamange ndalama. Bukani malo oti mutha kukansela n'kubwezeredwa ndalama zanu olo atadulirapo pang'ono. Ikani apu ya AirNow pafoni muziona nambala ya mpweya ya ku Bend kuyambira kutatsala masiku atatu. Ikakhala pansi pa 50 ndi bwinobwino, 51 mpaka 100 yendani koma muziwayang'ana mayi, ikadutsa 100 ndi pomwe amanena kuti a mphumu, okalamba ndi ana asakhalitse panja, ikafika 150 musanyamuke n'komwe. Inu muli ndi anthu awiri a gulu limenelo, mayi ndi khanda, ndipo khanda simungaliveke masiki. Mayi atengere masiki a N95, za nsalu zija sizitchinga utsi. Inhela yawo ikhale m'chikwama cha m'manja osati m'buti, ndipo muone ngati yatsala yokwanira musananyamuke. Funso lina, munawagulira inshuwalansi ya alendo? Ngati ayi yambani ndi chimenecho lero lomwe, bilu ya chipatala kuno ingakugwetseni.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri anesi. Inshuwalansi ilipo tinagula asanabwere. Nanga kukwera kwa malowo, sikungawavute ndi BP? Ndimamva anthu akuti ndi chipululu cha pamwamba.

Nesi wa ku Redmond:
Tauni yeniyeniyo ili mamita pafupifupi 1,100 pamwamba pa nyanja, n'chimodzimodzi ndi Lilongwe, munthu wa ku Ntcheu sangamve kanthu. Pomwe mungasamale ndi ku Mount Bachelor, chilimwe amakweza anthu pa mipando ya chingwe ija mpaka kupitirira mamita 2,300, ine mayi a BP ndi khanda sindingawakweze musanafunse adokotala awo. Chomwe chimavuta alendo kwambiri ndi kuuma. Kuno mvula pachaka simafika olo mamilimita 350 chifukwa mitambo yochokera ku Pacific imakhuthulira madzi onse mbali yanuyo isanadumphe mapiri. Milomo imang'aluka, ena kamfuno kamatuluka, ludzu sulimva koma thupi likuuma. Muziwamwetsa madzi mokakamiza, Vaseline asachoke m'thumba.

Achimwene a thiraki:
Msewu umenewo ndimadutsamo kawirikawiri. Tengani 26 kudzera Sandy, Government Camp, mutsikire ku Warm Springs mpaka Madras, pamenepo mulowe 97 kulowera kummwera. Ndi makilomita pafupifupi 260, maola atatu ndi theka osaima, ndi mwana werengerani asanu. Mayi akhale kutsogolo chifukwa ulendo weniweni uli panjirapo, mukuchoka m'nkhalango yothithikana yonyowa kenako mukangotsetsereka Mount Hood mitengo ikuchepa, dothi likufiira, mwadzidzidzi muli m'chipululu cha zitsamba zotuwa mapiri a sinowo ali kudzanja lamanja. Musanafike Terrebonne pali malo opumira a Peter Skene Ogden, chiphedi cha mtsinje wa Crooked chakuya mamita ngati 90 ndipo kuchokera popaka galimoto ndi kuyenda pang'ono pamalo a fulati. Mwana mumugwiritse, khoma lake ndi lalifupi. Thirani mafuta ku Sandy kapena Madras, ndipo musayende kukuda chifukwa agwape amadumpha msewu kwambiri cha kumadzulo. Onaninso TripCheck, webusaiti ya za misewu ya Oregon, m'mawa wa ulendo, moto ukayaka mbali ya Warm Springs amatha kutseka msewu.

Bambo wa ku Tacoma:
Ine ndiyankhula zosiyana ndi anzangawa mundikhululukire. N'chifukwa chani mukufuna kutengera mayi odwala chifuwa kumalo koti mukudziwa kale kuti kungakhale utsi? Pitani nawo ku Cannon Beach kapena Seaside, ola limodzi ndi theka kuchokera kwanuko, mphepo ya kunyanja, aone Pacific akajambulitse. Bend ndi ya achinyamata a njinga ndi mowa, tauni yodzadza ma brewery. Kholo silimayeserera.

Membala wosatchula dzina:
Ankolo ndakumvani ndipo sindikutsutsa, kunyanjako ndiye pulani yachiwiri utsi ukachuluka. Koma ndinawaonetsa zithunzi za malo onse awiri, iwo anasankha mapiri, akuti madzi anawaona kale ku Mangochi. Ndikufuna kamodzi kokha achite chomwe asankha okha.

Nesi wa ku Redmond:
Ankolo a ku Tacoma zamowazo ndi zoona zilipo koma si zokhazo. Malo abwino ambiri kuno mumafika pagalimoto. Pilot Butte ndi kaphiri komwe kanaphulika kalekale kali m'kati mwenimweni mwa tauni, chilimwe msewu wokwera mpaka pamwamba umakhala wotsegula, mayi angotsika n'kuona mapiri a Three Sisters, Broken Top, Bachelor mpaka Jefferson atatsamira galimoto. Pitani dzuwa likamalowa. Drake Park ili m'mbali mwa mtsinje wa Deschutes, udzu, mabenchi, mithunzi, atha kukhala pansi kumaonera anthu akuyandama pa machubu. Inuyo musayerekeze kulowa m'madzimo ndi mwana, ndi ozizira zedi ndipo pali pena pothamanga. Kummwera pa 97 pali Lava Lands, mbali ya Newberry National Volcanic Monument, pamenepo ndiye mayi akasowa chonena, miyala yakuda bii yokhayokha kutalika konse, chiphalaphala chomwe chinatuluka mu Lava Butte zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, ndipo a NASA ankabweretsa anthu awo kudzaphunzira pa miyala imeneyi m'ma 1960 asanapite kumwezi. Chilimwe kumakhala kabasi kokweza anthu pamwamba pa phirilo. Phanga la Lava River Cave liri pafupi koma limenelo lisiyeni, masitepe ambiri, mdima, kuzizira madigiri ngati 6, mawondo a mayi sangalole komanso pamafunika kubukiratu. Tsiku la utsi wapakatikati pitani ku High Desert Museum, zambiri ndi za m'nyumba, kuli akatumbu, akadzidzi, nungu ndi mbiri ya eni nthaka a kuno.

Mnyamata wa mapiri:
Alamu auzeni asaidelere South Sister. Ndi mamita 3,157, Sapitwa ndi 3,002, kusiyana si kwakukulu koma kakweredwe kake ndi kena. Mumayambira ku Devils Lake, kupita ndi kubwera makilomita ngati 19, kukwera mamita pafupifupi 1,500 tsiku limodzi lomwelo, palibe zogona pa hati ngati ku Mulanje komanso palibe wokunyamulira katundu. Chigawo chomaliza ndi timiyala tofiira totayirira, ukaponda phazi limabwerera m'mbuyo, mthunzi kulibe ndipo fumbi lake limalowa mpaka m'masokosi. Ayambe kusanache ndi madzi malita atatu kapena anayi. Chachikulu, kuyambira 15 Juni mpaka 15 Okutobala pamafunika chilolezo chotchedwa Central Cascades Wilderness Permit, amagula pa Recreation.gov ndipo za wikendi zimatha msanga. Nde funso langa ndi lakuti galimoto muli nayo imodzi? Chifukwa akaitenga iwo mamawa inu mutsala pansi tsiku lonse ndi mayi ndi mwana. Bwino mukawatule kenako inu mutsike ku Sparks Lake pomwepo pa Cascade Lakes Highway, m'mawa madzi ali phee phiri lonse limaoneka m'madzimo.

Membala wosatchula dzina:
Galimoto ndi imodzi ndithu, zimenezi tikambirana madzulo ano. Kudzutsa mwana ndi mayi 4 koloko m'mawa ine sindikuziona bwino, mwina phirilo lidikire ulendo wina.

Anti a ku Salem:
Mwana wanga Mulungu akudalitse pokumbukira mayi ako. Za malo ogona usalimbane ndi hotela, peza kanyumba kokhala ndi khitchini ku Redmond kapena kumbali kwa tauni, kumatsikirako mtengo kusiyana ndi pafupi ndi mtsinje. Unyamule ufa, mthiko, nyemba ndi kapoto komwe mayi anazolowera, munthu wamkulu masiku awiri a ma burger wayamba kale kudandaula m'mimba. Ufunsenso ngati nyumbayo ili ndi AC, chifukwa utsi ukabwera mawindo mutseka ndipo masana kumafika madigiri 30 kapena kuposa. Usanamizike ndi kutenthako, usiku kumazizira ngati ku Dedza mu Juni olo ndi Ogasiti, juzi, mpango, masokosi ndi kabulangete ka mwana zisatsale. Kunyanja za m'mapirizo kumakhala udzudzu, uwauziretu mayi kuti si wa malungo asade nkhawa.

Funso lako lomaliza lija palibe wayankha, ndiyankhe ine. Anthu akuda ku Bend ndi ochepa kwambiri, utha kuyenda tsiku lonse osakumana ndi mnzako. Ife tinapita ndi azimayi a kutchalitchi titavala zitenje, kutiyang'ana anatiyang'ana, ena kufunsa kuti tachokera kuti, mayi wina mpaka anatipempha kugwira nsalu, koma wotinyoza sitinakumane naye. Sindinganenere aliyense, ena ali ndi nkhani zawo. M'tauni ndi m'malo a alendo ine ndinali womasuka, m'timatauni tating'ono ta panjira tinkangothira mafuta n'kumapita.

Achimwene a thiraki:
Ndinaiwala china chofunika, a Malawife tikangoona mtsinje timaganiza zootcha nyama. Mu Ogasiti m'nkhalango ya Deschutes amaletsa moto wa nkhuni ndi makala malo ambiri, faindi yake ndi yowawa ndipo moto ukathawa mlandu ndi wanu. Mbaula isiyeni ku Portland, nkhuku muotchere kunyumba muike mu kula bokosi.

Membala wosatchula dzina:
Abale ndathokoza kuchokera pansi pa mtima, ndawawerengera mayi ndemanga zonse ndipo ya anti a ku Salem ya ufa ija avomereza ndi mutu. Ndapeza kanyumba ku Redmond koti nditha kukansela kutatsala masiku awiri, AC ilimo. AirNow ndaika kale, ikadutsa 100 tikhotera ku Cannon Beach monga anenera ankolo. Katsala kamodzi, za mapasi opakira galimoto zikundisokoneza, ndigule iti? Ndimafunanso tikaime ku Smith Rock ndi ku mathithi a Tumalo.

Mnyamata wa mapiri:
Ndi ziwiri zosiyana asisi. Tumalo Falls, Lava Lands ndi Sparks Lake ndi za Forest Service, pamenepo ndi Northwest Forest Pass, ya tsiku ndi madola 5. Smith Rock ndi paki ya boma la Oregon, pasi imeneyo sigwira, mumalipira pa makina pomwepo. Ku Smith Rock fikani isanakwane 9 koloko, masana miyala ija imatentha ndipo kuli njoka za rattlesnake, mayi aonere pamwamba pomwe pali mabenchi asatsikire kumtsinje chifukwa pobwerera pali chitunda. Ku Tumalo makilomita omaliza ndi msewu wa miyala, poonera mathithi ndi pafupi ndi popaka galimoto koma malo opakira ndi ochepa, pitani m'kati mwa sabata m'mawa.