Malaputopu atatu a ana a kumudzi

Malume ku Joni: Mwaswera bwanji nonse. Malaputopu atatu aja ndawalongedza, ndifika nawo kwa Agogo ku Ntcheu pa 20 Disembala. Awiri ndi a Dell, ofanana, yachitatu ndi HP yanga yakale ija. Koma onse ali ndi Windows 10, ndipo mnzanga wa kuntchito akuti imeneyo inatha ntchito. Mphatso mphwanga, tandilongosolera bwino ndisananyamule katundu wopanda phindu.

Mphatso: Taswera bwino Malume, kaya inu. Ayi, musawasiye. Ayaka ndithu ndipo agwira ntchito. Chomwe chinachitika n'chakuti Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 10 kuyambira pa 14 Okutobala 2025, ndiye mavairasi atsopano akabwera palibe wotseka mpata. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor ya Intel ya 8th generation kupita mtsogolo. Tandijambulireni zomata zili pansi pa kiyibodizo.

Malume ku Joni: Ndatumiza. A Dell alembedwa Core i5 6th Gen, RAM 8GB. HP ili ndi 2GB basi.

Mphatso: Ndaona. Windows 11 siloledwa pa onse atatu. Ine ndikuti tiikemo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, palibe laisensi yogula, ndipo a Dell awo athamanga nayo bwino kwambiri.

Make Yami: Achimwene zikomo kwambiri, ana akuwerenga masiku. Koma pano pa tauni pali mnyamata amaika Windows pa mtengo wochepa, ndi Word yomwe. Sitingangomupatsa iyeyo?

Anaphiri Zomba: Ayi mng'ono wanga, imeneyo ndiikana. Yathu ya kusukulu inaikidwa motero, patangopita miyezi iwiri inayamba kulemba kuti si yovomerezeka, kenako flash iliyonse yolowamo inkatuluka ndi vairasi. Mayeso a teremu yonse tinalembanso kachiwiri. Ana athu asayambe ndi zakuba. Koma Mphatso, nkhawa yanga ndi iyi: Yamikani ali Folomu 3, kusukulu akuphunzira Word ndi Excel. Linux yakoyo simusokoneza?

Mphatso: Funso lenileni ndi limenelo Mayi aakulu. Mu Linux timagwiritsa LibreOffice. Writer ili m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, Impress m'malo mwa PowerPoint. Imatsegula mafayilo a docx ndi xlsx ndipo imasunganso momwemo. Mafomula monga SUM ndi AVERAGE ndi omwewo. Koma ndisakunamizeni, mabatani sali pamalo amodzimodzi, ndipo chikalata chokongoletsedwa kwambiri nthawi zina chimasuntha mizere. Yami azipitiriza kuyeserera pa makompyuta a kusukulu mayeso akamayandikira.

Tadala UK: Moni Ababa, moni Azakhali nonse. Ndangoweruka kumene. Linux ndikugwirizana nayo, koma Linux yake iti msuweni? Ine ndili pa Fedora chaka chachinayi tsopano, siinandivutitsepo, ndipo mapulogalamu ake amakhala atsopano nthawi zonse.

Malume ku Joni: Imani kaye. Kodi Linux zilipo zingati?

Tadala UK: Ababa, mtima wake ndi umodzi, anauyamba Linus Torvalds ku Finland mu 1991. Koma poti aliyense ndi wololedwa kuutenga n'kumangapo zake, magulu osiyanasiyana amaphatikizapo mapulogalamu ndi maonekedwe awoawo. Ndiye kuli Debian yomwe inayamba mu 1993, Ubuntu yomwe inamangidwa pa Debian, Linux Mint yomwe inamangidwa pa Ubuntu, Fedora ya ku mbali ya Red Hat, ndi zina zambirimbiri.

Mphatso: Tadala, Fedora ndi yabwino kwa iwe amene uli ndi intaneti ya m'nyumba yosatha. Imatuluka yatsopano pakangotha miyezi pafupifupi 6, ndipo iliyonse amaisamalira kwa miyezi ngati 13 yokha. Tanthauzo lake chaka chilichonse malaputopu atatu azikoka ma GB ambiri. Kumudzi intaneti ndi hotspot ya foni ya Mayi aang'ono, bando yake yogula pa Mpamba. Komanso magetsi akathima ili pakati posintha, akonze ndani?

Make Yami: Bandoyo ndiye mundimvere chisoni. Netiweki timaipeza bwino tikakhala kuseri kwa nkhokwe.

Tadala UK: Zoona, zimenezo sindinaziganizire. Ndabweza mawu anga. Ndiye tisankhe pakati pa Ubuntu ndi Mint.

Malume ku Joni: Ubuntu ndiye dzina lomwe timalimva kuno tsiku ndi tsiku. Si umunthu womwewu?

Mphatso: Ndi womwewo Malume, mawu a Chizulu ndi Chixhosa. Anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa konko ku South Africa, kudzera ku kampani yake ya Canonical, ndipo yoyamba inatuluka mu Okutobala 2004. Mwezi wa Epulo pa zaka ziwiri zilizonse amatulutsa ya LTS, yosamaliridwa zaka zisanu. Ya 24.04 ifika mpaka 2029.

Malume ku Joni: Basi tatenga imeneyo. Mtima wanga wakhala pa dzinalo.

Mphatso: Pepani Malume, ndiloleni nditsutseko pang'ono. Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 yomweyo, nayonso ifika 2029, ndiye umunthu wanuwo uli momwemo. Kusiyana kwake kuli pa zinthu zomwe zikhudza ana athu. Fayilo yoikira Ubuntu ndi pafupifupi 6GB, ya Mint ili cha m'ma 3GB. Mint imabwera ndi LibreOffice kale, pomwe Ubuntu 24.04 ukangodina zomwe yakusankhira imaika zochepa, LibreOffice mulibe. Chachikulu kwa ine ndi maonekedwe. Ubuntu ili ndi maonekedwe otchedwa GNOME, zizindikiro zili m'mbali kumanzere, mwana wozolowera Windows amayamba wasochera. Mint ya maonekedwe otchedwa Cinnamon ili ndi menyu pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, monga momwe Yami amaonera kusukulu.

Anaphiri Zomba: Apo ndiye wandigwira mtima. Mwana asamaone zina kusukulu, zina kunyumba. Achimwene, tiyeni timvere mwanayu.

Malume ku Joni: Chabwino, ndamva. Nanga HP ya 2GB ija?

Tadala UK: Imeneyo Cinnamon iilemera. Ndikanati Lubuntu, mtundu wina wa Ubuntu, ndi yopepuka kwambiri. Koma msuweni uyambe waona ngati processor yake ndi 64-bit, poti Ubuntu ndi Mint za masiku ano sizilowa pa 32-bit.

Mphatso: Ndaona nambala yake pa chithunzi, ndi 64-bit. Lubuntu ingathamange bwino, koma ine ndikufuna onse atatu akhale a mtundu umodzi, kuti ndikamathandiza pa foni ndili ku Blantyre ndizinena chinthu chimodzi. Mint ili ndi ina yopepuka ya maonekedwe otchedwa Xfce, imayenda pa 2GB ngakhale eni ake amati 4GB ndiye yabwino. Malume mukapeza RAM ya DDR3 ya laputopu ya 4GB konko, gulani, ndidzaika ndekha. Imeneyo ikhale ya ana aang'ono. Ndiikamo GCompris ya masewera ophunzitsa kuwerenga ndi masamu, ndipo mwa onse ndiikamo Kiwix kuti Wikipedia aziwerenga popanda bando.

Make Yami: Achimwene, mu HP imeneyo si momwe muli zithunzi za tsiku lomanga chiliza cha Bambo? Ndi za ukwati wa Tadala? Amayi amazifunsa kawirikawiri. Chonde zisafufutike.

Malume ku Joni: Ee, zili momwemo, ndipo kulibe kwina komwe ndinasunga. Wachita bwino kukumbutsa.

Mphatso: Poika Mint zonse za mkati zimafufutika, ndiye pasakhale wokhudza HP imeneyo tisanakopere. Tikopere pawiri, pa hard drive ina ndi pa flash, ndipo titsegule zithunzizo pa laputopu ina kuti titsimikize kuti zikuoneka. Komanso Mint imatha kuyaka kuchokera pa flash osaika kanthu, ndiye tiyamba tayesa Wi-Fi, mawu ndi kamera pa iliyonse.

Anaphiri Zomba: Ndibwera ndi printer yanga muyesenso. Ikagwira ndiisiya komweko mpaka sukulu itsegulire.

Tadala UK: Hard drive ndi ma flash awiri a 16GB ndilipira ine. Msuweni nditumizire nambala yako ya Airtel Money ku inbox, ndiwonjezerapo ya bando yokokera Mint.

Mphatso: Zikomo Tadala. Ndikokera kuno ku Blantyre zonse ziwiri, Cinnamon ndi Xfce, ndifika kumudzi pa 21 m'mawa. Ma update oyamba tidzapangire pa Boma pomwe netiweki ili yamphamvu. Mayi aang'ono, Yami asapite kumunda tsiku limenelo. Laputopu yoyamba ndiika ine iye akuonerera, yachiwiri aika yekha, kuti chikavuta ine kulibe azidziwa poyambira.

Make Yami: Ali pompano akuwerenga nane. Akuti adzuka m'mamawa kukakuchingamira pa siteji. Amayi akuti muwaonetse zithunzi za chiliza zija musanayambe china chilichonse.

Malume ku Joni: Auzeni kuti tiyambira zimenezo. RAM ndikafuna Loweruka.