Liwu loti "mind" likundisokoneza ku ntchito, thandizeni

Abale ndithandizeni chonde, nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndili ndi miyezi inayi ku Manchester, ndimasamalira okalamba. Chizungu ndinakhoza bwinobwino pa MSCE koma "mind" ife tinkangodziwa kuti ndi maganizo basi.

Lachiwiri agogo ena omwe ndimagwirizana nawo kwambiri, amakhala pa wilicheya pafupi ndi windo, anandifunsa kuti "do you mind closing the window?" ine ndikumwetulira ndinati "yes" nkupita kukatseka, koma nditacheuka ndinaona nkhope yagwa angoti zii akuyang'ana kapu yawo ya tiyi. Pa buleki mnzanga ndiye anandiuza kuti ndawayankha kuti eya zikundivuta. Mtima unandiwawa, kwathu munthu wamkulu sitimuyankha choncho. Ndiye abwana nawo amati "mind the step", ndikapepesa amati "never mind", kodi liwu limodzi lomweli? Ndizigwira bwanji?

Mayankho

— Pepani achemwali, tonse tinadutsamo. Mu funso ngati limenelo "mind" ndi kuvutika nacho chinthu, akufunsa kuti kodi zikuvutani mukatseka? Ndiye kuvomera kwake ndi "no, not at all". Ine mpaka lero ndimangoti "no problem" kuti lilime lisaterereke.

— Ikatsogola pa chinthu ndiye kuti samalani. "Mind the step", onani sitepe mungagwe. Mu sitima za pansi ku London amalengeza "mind the gap", kunena mpata wa pakati pa sitima ndi pokwerera. Nchifukwa chake wolera ana a eni kunyumba kwake amati childminder. "Never mind" ndi zija timati zisiyeni, palibe kanthu, sikuti akukalipirani ayi.

— Mukadzabwera kuno ku Glasgow mudzamvanso ina, akuluakulu amati "do you mind that day?" kutanthauza kuti mukulikumbukira tsiku lija? Ine ndinatha chaka ndisakumva.

— Asisi musadzizunze, windo munatseka ndipo agogowo anaona. Mawa kawauzeni mmene munamvera funsolo, ambiri amakondwa ukawafunsa za chiyankhulo chawo.

— Zikomo nonse, misozi yalengeza pamene ndimawerenga. Mawa ndili shifiti ya mmawa, ndikawapangira tiyi wawo wa shuga mmodzi uja ndikhala nawo pansi ndiwafotokozere. Nanga "mind you" yomwe amaika pakati pa nkhani ija ndiye chani?