Bambo anga akulephera kuyankhula koma nyimbo akuimba, ubongo umayenda bwanji kodi?

Admin ndibiseni dzina chonde, achibale ambiri ali mugulu momwe muno. Ndimakhala ku Chinamwali. Masabata atatu apitawo bambo anga, a zaka 64, anagwa m'mawa kumudzi kwathu cha ku Jali akupita kubafa, mayi akuti anangomva ndowa kugubuduka, potuluka anawapeza ali pansi pakamwa patakhotera mbali imodzi malovu akuyenderera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, BP inali pamwamba koopsa, ndipo mayi anaulula pompo kuti mdala anasiya kumwa mapilisi a BP chaka chatha ati chifukwa amamva bwinobwino.

Pano ndawatenga ali kwanga. Mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira. Chondizunguza mutu ndi ichi, dokotala anati vuto lili KUMANZERE kwa ubongo pomwe ziwalo zakufa ndi zakumanja, ine mumtima ndinati kapena wasokoneza mafayilo koma ndinaopa kufunsa. Chachiwiri, akumva chilichonse, ukati bambo kapu iyo amatenga ndi dzanja lamanzere, koma mawu otuluka ndi amodzi okha, basi, basi, basi. Dzina langa amalifuna mpaka thukuta pamphumi kenako misozi. Ndiye Lamulungu kunabwera akwaya anzawo kudzawaona, atayambitsa nyimbo mdala analowa ndime yonse mawu omveka bwinobwino, tonse tinangoyang'anana. Azakhali akuti umenewo ndi umboni woti anamenyedwa hamala, munthu woimba angalephere bwanji kutchula dzina la mwana wake. Amalume akuti tiwapititse ku mental chifukwa akumangolira popanda chifukwa. Ine ndaima pakati. Odziwa ndithandizeni.

Membala wa ku Sadzi: Pepani achimwene, Mulungu awakhudze bambo.

Membala wa ku Songani: Azakhali anuwo akudziwa chomwe akunena, musamadelere akuluakulu. Hamala ilipo ndipo amamenya usiku, funsani ngati sanadandaule mutu dzulo lake.

Wofunsa: Mutu anadandauladi, ndi zomwe zikuwalimbitsa azakhaliwo.

Namwino wopuma ntchito: Mwana wanga, munthu wa BP yokwera amene wasiya mankhwala chaka chonse akadandaula mutu sitifunanso mfiti kuti timvetse. Ndipo dokotala uja sanasokoneze fayilo ayi. Vuto ndi lakuti pa Chichewa timangoti mitsempha pa zinthu ziwiri zosiyana. Ilipo mitsempha yoyenda magazi, ili ngati mapaipi a madzi, ndiye ilipo ina yoyera yonyamula mauthenga, ili ngati mawaya a magetsi, imachoka mu ubongo kutsika mkati mwa fupa la msana nkumwazikira mpaka ku zala. Ukafuna kukweza dzanja uthenga umayambira mu ubongo nkutsika ndi mawaya amenewa. Tsono cha kunkhongo kuno, pomwe ubongo ukulumikizana ndi msana, ambiri mwa mawayawa amapingasana, ochokera kumanzere amawolokera kumanja, ochokera kumanja amawolokera kumanzere. Nchifukwa chake kumanzere kwa ubongo kukavulala chimagwa ndi chakumanja. Tonse tinalengedwa choncho.

Mkono wa bambo anuwo ulibe vuto, nyama ndi mafupa zili bwino, chasowa ndi wotumiza uthenga. Sitiroko ndi paipi ya magazi yomwe yatsekeka kapena yaphulika mkati mwa ubongo. Ubongo ndi kanthu kosakwana ndi kilogalamu imodzi ndi theka yomwe, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mpweya wabwino womwe thupi lonse limagwiritsa ntchito, ndipo susunga chakudya chapadera ngati nkhokwe, magazi akangoleka kufika maselo a pamalopo amayamba kufa m'mphindi zochepa chabe.

Wofunsa: Mayi zikomo, apa ndiye ndamva. Nanga za kuimbazi? Ndi zomwe zandisowetsa choyankha kwa azakhali.

Wophunzira za udokotala: Ndilowepo pa kuimbapo. Ubongo suli ngati mphika umodzi wa phala, uli ndi magawo ndipo gawo lililonse lili ndi ntchito yake, kuona kuli kumbuyo, kumva kuli cha m'mbali pafupi ndi makutu, choncho. Kwa anthu ambiri gawo lokonza mawu oti uyankhule lili kumanzere chakutsogolo, moyandikana ndi gawo loyendetsa nkhope ndi mkono wamanja, ndiye paipi imodzi ikatsekeka zimapita limodzi. Gawo lomvetsa zomwe anthu akunena lili chakumbuyo pang'ono, kwa bambo anu likuoneka kuti lapulumuka nchifukwa chake kapu akutenga. Dokotala wina wa ku France, Paul Broca, mu 1861 anali ndi wodwala ku Paris amene ankamva zomuuza koma poyankha ankangoti tan, tan. Atamwalira anamuyang'ana ubongo napeza povulala kumanzere kutsogolo komweko, mpaka lero malowo amatchedwa dzina la Broca. Basi basi wa bambo anuyo ndi tan tan yemweyo. Kuimba kumadalira kwambiri mbali yamanja, komanso nyimbo yoti munthu waimba zaka makumi imatuluka yathunthu osachita kusanja liwu ndi liwu. Madokotala amazidziwa bwino izi, ena amagwiritsa ntchito kuimba komweko pophunzitsa odwala kuyankhulanso. Yesani kuika dzina lanu kapena mawu ngati ndikufuna madzi mu kanyimbo komwe amakakonda muziimba nawo.

Membala wa ku Songani: Asukulu inu chilichonse mumati France kkkk

Membala wa ku Mpondabwino: Kkkk ndiye mfiti ya ku Jali inakwera lichero mpaka ku Paris 1861?

Namwino wopuma ntchito: Za ku mental zija iwalani. Chipatala chija ndi chothandiza matenda a maganizo ndipo chimathandizadi, koma bambo anu sanapenge, nzeru zawo zilimo zonse. Kulirako mwina ndi kukhumudwa, ganizani inuyo mukudziwa chomwe mukufuna kunena koma lilime likukana, komanso sitiroko imatha kumasula mabuleki a misozi ndi kuseka munthu nkumalira asakufuna. Kukapitirira, akamakana kudya kapena kusagona, mukauze dokotala poti kukhumudwa kwa pambuyo pa sitiroko kuli ndi mankhwala. Ndipo chonde musamakambe za iwo pamaso pawo ngati palibe munthu, akumva zonse.

Wa mafizo: Funso lomwe simunafunse ndi loti achira kapena ayi. Maselo omwe afa sabwerera, sindikunamizani. Koma ubongo uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni olumikizana, ndipo otsalawo amatha kulambula njira zatsopano ngati momwe anthu amapondera kanjira kena mlatho ukakokoloka, kanjirako kamakula ndi kupondapo tsiku ndi tsiku. Kusintha kwambiri kumaoneka miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndiye ino si nthawi yowagoneka pamphasa nkumawachitira zonse chifukwa chowamvera chisoni. Bwererani nawo kuchipatala mukafunse a mafizo akuphunzitseni zochita kunyumba, mufunsenso ngati angakutumizeni ku chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre. Pakadali pano powadzutsa MUSAKOKE mkono wofookawo, phewa limaguluka mosavuta ndipo ululu wake ndi woopsa, agwireni pathupi. Akakhala pampando mkonowo uzitsamira pa pilo usamalendewere. Akagona muziwatembenuza pakatha maola awiri aliwonse kuopa zilonda m'matako ndi m'zidendene. Muzikhala mbali yakumanjayo powalankhula kuti asaiiwale.

Mayi a ku Matawale: Ine ndinasamala apongozi anga zaka ziwiri ndi matenda omwewa. Chomwe palibe anandiuza ndi kutsamwa. Ndinkawamwetsa tiyi atagona chagada akumangotsokomola ine nkumati ndi chifuwa wamba, kumapeto chinakhala chibayo tinagona nacho kuchipatala sabata yonse. Kumeza nakonso amalamula ndi ubongo womwewo. Muziwakhazika tsonga, phala lolimbirako pang'ono, sipuni yaing'ono, ndipo mukamaliza muone m'tsaya lakumanjalo chakudya chimabisala mmenemo. Nawonso analemba mphini thupi lonse kwa asing'anga mbuzi ziwiri zinapita, chomwe chinawayendetsa ndi ndodo ndi kuzungulira nyumba m'mawa uliwonse ine nditagwira chitenje m'chiuno mwawo.

Membala wa ku Chikanda: Muziwapatsa asipirini tsiku lililonse amasungunula magazi

Wophunzira za udokotala: Ayi ayi osangopereka. Ngati sitiroko yawo ili ya paipi yophulika asipirini awonjezera kukha magazi m'mutu, chosiyanitsa ziwirizi ndi sikani ya mutu, ndiye apereke okhawo omwe analembedwa mu buku lawo lakuchipatala. A BP wo ndiye osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, munthu amene wagwapo kamodzi ali pa chiopsezo chogwanso. Mukadzangoona pakamwa pakhotanso kapena akulephera chomwe dzulo amatha, thamangani nthawi yomweyo osadikira kuche. Inunso achimwene mukayezetse BP yanu, imayenda m'banja.

Wofunsa: Ndabwera kudzakuuzani. Usiku uno magetsi atazima tinakhala pakhonde ine ndi mayi, ndinatenga kanyimbo ka Sande sukulu komwe ankatiimbira tili ana nkuikamo dzina langa. Kawiri koyamba anangoti basi basi atakwiya. Kachitatu linatuluka, theka lokha, koma ndi langa. Mayi anathawira kukhitchini kukalira. Lolemba tikupita kwa a mafizo, amene akudziwa wa taxi wosadula woti angatitenge pa Chinamwali cha m'ma 6 m'mawa andipeze ku inbox kudzera kwa admin, pa kabaza sangathe kukhala. Azakhali sindinawauzebe, akubwera Loweruka ndi munthu wawo.