Mwana abatizidwe pano kapena adikire mpaka akule? Ndithandizeni maganizo

A admin, ndibiseni dzina chonde.

Ine ndinakulira mu CCAP ndipo ndinabatizidwa ndili khanda. Amuna anga ndi a Baptist. Pokwatirana tinagwirizana kuti aliyense azipemphera kwawo, ndipo panalibe vuto mpaka mwana wathu woyamba atabadwa. Pano ali ndi miyezi 4. Amayi anga sakugona nazo, anagula kale kadiresi koyera ka mdzukulu wawo. Bambo a mwana akukana. Akuti khanda silingalape kapena kukhulupirira, kwawo amangomupereka kwa Ambuye, adzamizidwa yekha akadzazindikira. Chandibaya mumtima n'chakuti anati ngakhale ubatizo wangawu "kunali kungowazidwa madzi". Ndiye kuti zaka zonsezi ndine wosabatizidwa? Kusiyana kwake kuli pati kwenikweni?

Mkulu wa mpingo wina: Mayi, ndinu wobatizidwa, musakayike. Kwa ife ubatizo ndi chizindikiro cha pangano la Mulungu, osati umboni wa nzeru za munthu. Ana a Abrahamu ankadulidwa ali ndi masiku 8, asanadziwe kanthu, ndipo Akolose 2:11-12 amayika mdulidwe ndi ubatizo pamodzi. Werenganinso Machitidwe 16: Lidiya ndi woyang'anira ndende wa ku Filipi anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwawo. Makolo mumalonjeza kumulera m'chikhulupiriro, akakula amalowa kalasi n'kuvomereza yekha asanayambe kudya Mgonero.

Bambo wa Baptist: Akuluakulu, Machitidwe 16 sanena kuti m'nyumbamo munali makanda. Marko 16:16 akuyamba ndi kukhulupirira, kubatizidwa pambuyo. Aroma 6:4 akuti timayikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, n'chifukwa chake timamiza. Yesu anaperekedwa kukachisi ali khanda, koma mu Yordano analowa ali ndi zaka pafupifupi 30. Komabe mbale wangayo anayankhula mopanda ulemu, mkazi wako sumuuza choncho.

Mayi wa Katolika: Kwathu timabatiza makanda chifukwa ubatizo umachotsa tchimo lachibadwa, ndi mphatso yaulere. Katemera mumadikira kuti mwana asankhe yekha?

Wina: Mkangano umenewu si wa lero. Mu 1525 mumzinda wa Zurich ku Switzerland anthu ena anayamba kubatizana ali akuluakulu, ndipo mu 1527 mmodzi wa iwo, Felix Manz, anaphedwa pomizidwa mumtsinje wa Limmat chifukwa cha nkhani yomweyi. Ndiye musaganize kuti ithera mu makomenti muno.

Mayi wina wachikulire: Mwananga, mavesi akupatsani okwanira. Langa ndi limodzi: musakabatizitse mwana mozemba bambo ake ali kuntchito. Mnzanga anatero pomvera amayi ake, nkhani inakafika kwa ankhoswe. Komanso funsani kaye abusa anu, mipingo yobatiza makanda imafuna kudziwa kuti mwanayo adzakulira mumpingo uti. Funso lenileni ndi limenelo, ndipo inu awiri munalizemba pa chinkhoswe.

Wofunsa: Amayi, mwalasa. Za Sande sukulu ya ana sitinakambiranepo n'kamodzi komwe. Ndiwapempha bambo a mwana kuti Loweruka tikaonane ndi abusa a mbali zonse ziwiri. Koma amayi angawo ndi kadiresi kawo, ndikawauze bwanji kuti adikire osawakhumudwitsa?