Thandizeni, magulu a majini akungosinthasintha

Wosatchula dzina: Abale mutu waima. Ndili ndi deta ya RNA-seq (yoyeza mmene jini iliyonse, ndikunena gene, ikugwirira ntchito), masampulo 24, majini pafupifupi 20,000. Ndikapanga k-means (njira yogawa majini m'magulu) mu pulogalamu ya R, jini imene dzulo inali m'gulu 2 lero ili m'gulu 5. Asupavaiza sakuyankha maimelo, ino ndi sabata yachitatu. Laputopu ikulira ngati ndege, ndipo mnzanga amene analonjeza kundithandiza, chilandirireni kodi yanga wangoti zii. Lipoti likufunika Lachisanu. Nditani ine?

DokotalaWaMajini: K-MEANS?? Ndani anakunamizani? Eisen ndi anzake anationetsa hierarchical clustering (kulumikiza majini ofanana ngati nthambi za mtengo) ndi heatmap (chithunzi choonetsa manambala ndi mitundu) kalekale mu 1998. Dendrogram, chithunzi cha mtengowo, sikufunsani kuti mukufuna magulu angati.

Achemwali_R: Ikani set.seed() kuti zotsatira zizibwera zofanana, komanso nstart = 25 kuti iyese ka 25 n'kusankha zabwino. K-means imayambira pa malo osankhidwa mwachisawawa. Ndiponso manambala a maguluwo ndi maina chabe, onani ngati majini ake akuyendabe limodzi.

DokotalaWaMajini: Set.seed sichiza kanthu achemwali, imangobwereza cholakwika chomwecho tsiku ndi tsiku.

Achemwali_R: Nanga dendrogram yanuyo simuidula pa malo amene mwasankha nokha? Musatiopseze bwana.

Wotopa_ndi_PhD: Ine miyezi itatu ndinkanyadira magulu awiri okongola pa heatmap, mpaka kuonetsa anthu. Kudzapeza kuti anali masiku awiri amene tinachotsa RNA. Batch effect basi. Ndinatseka kompyuta n'kukagona dzuwa lili pamutu. Yambani mwapanga PCA, muone masampulo amene akufanana.

Chekacheka: Ndegeyo ikamanyamuka mutiuze, enafe tikwere nawo 😂

Mkulu_wa_labu: Ana a masiku ano. Mumayamba kusanthula deta kutatsala masiku anayi, kenako olakwa ndi asupavaiza.

DokotalaWaMajini: Ndipo masampulo 24 ndi okwanira WGCNA, njira ina yopezera magulu a majini oyendera limodzi, eni ake amati asachepere 15. Koma anthu muno safuna kuphunzira.

Wachete: Pepani, simunatiuze: mwalowetsa ma raw counts (manambala osakonza) kapena munapanga normalise (kuwakonza kuti masampulo athe kuyerekezedwa)? Ngati ndi raw, majini ochepa a manambala akuluakulu ndi amene akulamulira Euclidean distance yonse, muyeso wa kutalikirana umene k-means imagwiritsa ntchito. Dutsitsani mu vst ya pulogalamu ya DESeq2 kuti manambala akuluakuluwo asalamulire, tengani majini 1,000 kapena 2,000 osinthasintha kwambiri, pangani z-score pa jini iliyonse kuti majini onse akhale pa sikelo imodzi, kenako silhouette, muyeso wa mmene magulu asiyanirana bwino, ikuthandizeni kusankha k, chiwerengero cha magulu.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Asupavaiza ayankha tsopano, ati tionane Lolemba. Lolemba abale!

Wachete: Nanga za ma counts zija?

DokotalaWaMajini: Musiyeni, apange hierarchical aone yekha.